Za Kukonza ndi Kuveka Zidole Zakale

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndinenepo za chinthu chimene ambiri adzachiyesa chachibwana, ndicho kukonza zidole zakale ndi kuzisokera zovala. Ndidziwa kuti ena, makamaka anyamata a Fomu 4, ayamba kale kuseka asanawerenge n'komwe. Sekani, palibe kanthu, koma mukatha kuseka muwerenge kufikira kumapeto, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Maganizo anga ndi awa: chidole chakale ndicho mphunzitsi wotsika mtengo koposa wa ntchito ya singano, ndipo sukulu yathu ingachite bwino kutipatsa nthawi yoti tiphunzire kwa mphunzitsi ameneyu.

Yense amene anayendapo pamsika wa kaunjika adziwa kuti mabelo sabwera ndi zovala zokha. Pambali pa malaya ndi nsapato pamakhala mulu wa zoseweretsa zimene ana a kumaiko akutali anatopa nazo. M'mulumo muli zidole, ndipo zambiri zili m'chisoni. China chilibe chovala ndi chimodzi chomwe, china tsitsi lake lili nyankhalala, china chaguluka mkono, china diso limodzi silitsegukanso, ndipo china mwini wake anachilemba kumaso ndi bolopeni. Wogulitsa amaziika pansi penipeni ndi kuzitsitsa mtengo, chifukwa ogula amathamangira zonyezimira. Zikakhalitsa osagulidwa zimathera kudzala. Komatu chidole chimene chapirira manja a ana awiri kapena atatu, ndi kuwoloka nyanja chili chopanikizidwa m'belo, nichifika kuno mutu uli wosasweka, chimenecho ndi cholimba. Zina zatsopano zimakongola tsiku logula lokha, pakutha sabata miyendo ili kwina thupi lili kwina. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu asanagwire singano ayenera ayambe wadziwa chidole chimene chili m'manja mwake, pakuti zidole sizinapangidwe ndi chinthu chimodzi. Kuyambira cha m'ma 1860 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, zidole zapamwamba zinkapangidwa ku France ndi ku Germany. Mitu yake inali ya dongo loyera lowotcha, longa la makapu a tiyi koma losanyezimira, ndipo maso ake anali agalasi. Kampani ya Jumeau ku France ndi ya Armand Marseille pafupi ndi mzinda wa Sonneberg ku Germany zinatchuka ndi ntchito imeneyi. Panalinso zidole zopangidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, zopakidwa penti pamwamba, zimene zinali zofala kufikira m'ma 1940. Zina zinali za celluloid, zopepuka ndi zopyapyala ngati chikhungwa cha dzira. Itatha Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse mu 1945 kunabwera pulasitiki wolimba, ndipo m'ma 1950 kunabwera pulasitiki wofewa wotchedwa vinyl, amene analola kuti tsitsi lizisokeredwa m'mutu mwenimweni mwa chidole. Chidole cha Barbie, chimene mayi Ruth Handler a kampani ya Mattel anachitulutsa ku New York mu 1959, ndi cha Sindy, chimene kampani ya Pedigree inatulutsa ku Britain mu 1963, ndi za m'nyengo imeneyi. Zambiri zimene timaziona pa kaunjika ndi za pulasitiki. Wofuna kudziwa ayang'ane kumbuyo kwa khosi kapena pamsana, pamene opanga ambiri amadinda dzina lawo, nambala, kapena dziko limene chidolecho chinapangidwa.

Mwina mufunsa kuti kudziwa zimenezi kutithandiza chiyani. Kutithandiza kuti tisawononge pofuna kukonza. Madzi ndi sopo zimene ziyeretsa chidole cha pulasitiki ndizo zimene zipha chidole cha utuchi, pakuti chikamwa madzi chimafufuma, penti ndi kung'aluka. Chotero choterocho amangochipukuta ndi kansalu kouma. Chidole cha celluloid chimagwira moto msanga koposa, kotero sichiyenera kuyandikira kandulo kapena mbaula. Ndiponso penti wa zoseweretsa zina zakale anali ndi mtovu, umene ndi poizoni kwa mwana woika zinthu m'kamwa. Pa chifukwa chimenechi chidole chakale kwambiri si chopatsa mwana wakhanda. Malo ake ndi m'kabati, pamene anthu angachione osachigwiragwira.

Tsono kukonza kwake kuli motere. Choyamba ndi kuchivula zotsala za zovala zake, ngati zilipo, ndi kuzichapa mosamala pazokha. Zimenezi osazitaya ngakhale zikhale nsanza, pakuti zikaphwasulidwa m'misoko ndi kuyalidwa papepala zimasanduka chitsanzo chodulira chovala chatsopano. Chachiwiri ndi kutsuka thupi ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wamba ndi mswachi wakale, koma osalola madzi kulowa m'maso, chifukwa maso otseka ndi kutseguka ali ndi kachitsulo m'kati kamene kamachita dzimbiri. Chachitatu ndi tsitsi. Amalinyowetsa, nayamba kupesa kunsonga, kukwera pang'onopang'ono kufikira kumutu. Woyambira kumutu amangolizula, ndipo tsitsi la chidole likazuka silimeranso. Chachinayi ndi ziwalo. Zidole zambiri zakale manja, miyendo ndi mutu zimagwirana ndi lasitiki wodutsa m'kati mwa thupi, wokoledwa pa timbedza. Lasitikiyo akakalamba ziwalo zimalendewera, ndipo mankhwala ake ndi kuika wina watsopano, kumukoka ndi waya wopinda kunsonga. Ngati thupi ndi lansalu, amalisomola kumsana, nachotsa zakale zimene zinali m'katimo, nalichapa, naikamo thonje loyera, nalisokanso. Palibe china mwa zimenezi chimene chifuna chida chodula. Chifuna kudekha kokha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musayese kuti ntchito imeneyi ndaipeka ine. Mumzinda wa Lisbon ku Portugal muli nyumba yotchedwa Hospital de Bonecas, ndiko kunena kuti chipatala cha zidole, imene inayamba mu 1830. Anthu akuluakulu ndithu amapita nazo kumeneko zidole zimene amayi awo kapena agogo awo anasewera nazo, nalipira ndalama kuti ziikidwe diso, mkono kapena tsitsi. Iwo sachita zimenezi chifukwa m'masitolo mulibe zatsopano, koma chifukwa adziwa kuti chinthu chimene chakondedwa zaka zambiri chili ndi mtengo umene chatsopano chilibe.

Koma gawo limene ndilikonda koposa, limenenso lili pamtima pa nkhani yanga, ndilo kuveka. Taganizani za diresi la chidole. Lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, lili ndi khosi, mikono, chiuno, misoko ndi popinda pansi. Palibe chiwalo cha diresi la munthu chimene mulibe m'diresi la chidole. Wophunzira amayeza chifuwa, chiuno ndi msinkhu, najambula chitsanzo papepala, nasiya malo a msoko, nadula, nalumikiza, nayesa ngati chakwana, monga momwe achitira telala aliyense. Kusiyana kwake ndi kumodzi: diresi la munthu lifuna mamita a nsalu, ndipo ukalidula molakwa walira, pamene la chidole lituluka m'kachidutswa konga mpango wa m'thumba. Ndani mwa ife angalimbe mtima kupempha makolo chitenje chatsopano kuti aphunzirirepo kudula? Koma tizidutswa timene timagwa pansi pa makina a telala pakhonde la sitolo, timene amangotisesa madzulo, tingaveke zidole khumi.

Ndiponso chovala chaching'ono ndi mphunzitsi wokhwima. Msoko wokhota pa siketi yaikulu umabisika, koma pa siketi yotalika ngati chala ukuonekera poyera. Mkono wa malaya a chidole sulowa bwino pamakina, uyenera kusokedwa pamanja, ulusi ukuyenda mofanana ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Nsalu yokhuthala siigwa bwino pathupi laling'ono, kotero wophunzira aphunzira kusankha yopyapyala. Maluwa aakulu a pachitenje amameza chidole chonse, kotero aphunzira kufunafuna mbali ya nsalu imene ili ndi timaluwa tating'ono. Izi zonse ndi nzeru za diso ndi za chala zimene sizilowa ndi kuwerenga. Ndipo popeza chovalacho chimatha m'madzulo awiri kapena atatu, munthu amaona chipatso cha ntchito yake asanagwe mphwayi.

Akatswiri a zovala anadziwa zimenezi kalekale. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, magazini a zithunzi za zovala asanafale, osoka a ku Paris ankaveka zidole masitayilo atsopano ndi kuzitumiza ku London ndi kumizinda ina, kuti akazi akumeneko aone ndi maso kadulidwe ndi kasokedwe kake. Ndipo mu 1945, nkhondo itasiya dziko la France lili losowa nsalu, osoka otchuka a ku Paris anapanga chionetsero chotchedwa Théâtre de la Mode. Anaveka zidole zoposa 200, chilichonse chotalika pafupifupi masentimita 70, madiresi, zipewa ndi nsapato zosokedwa mwaluso lonse ngati za munthu. Anthu analipira kuti aone, ndalamazo zinathandiza ovutika ndi nkhondo, ndipo chionetserocho chinapita ku London ndi ku New York, kudziwitsa dziko kuti luso la ku Paris silinafe. Zambiri mwa zidolezo zinasungidwa ku Maryhill Museum of Art ku America. Anyamata amvetse apa: matupi a zidole zimenezo anali a waya, waya yemweyo amene inu munkapangira magalimoto muli ku pulayimale.

Tsopano pali funso limene anzanga ena andifunsa, loti chidole chochokera kunja tichiveke zotani? Yankho langa lili pawiri. Ngati chidolecho ndi chakale ndithu, ndipo chafika ndi zovala zake zoyamba, tizisunge ndi kuzikonza monga zinalili, pakuti chimenecho ndi mboni ya mavalidwe a nthawi yake. Nkhope yakenso tisaipake penti wina, chifukwa odziwa zidole zakale amalemekeza chozilala chenicheni koposa chowala chopentedwanso. Koma zidole za pulasitiki zimene zimafika zopanda chovala, zimene ndizo zambiri, tiziveke zakwathu. Tizisokere bulauzi ndi siketi ya chitenje, tizimange duku kumutu, tiziveke mikanda m'khosi. China tichibereketse kamwana kansalu kumsana. China tichilukire juzi ndi kapusi za m'nyengo yozizira ya June. Odziwa kuluka mlaza achilukire kamkeka ndi kachipewa, odziwa nsungwi achipangire kalichero ndi kadengu, odziwa kuumba achiumbire kamtsuko. Nsapato zituluka m'chikopa cha chikwama chakutha kapena m'chubu cha njinga. Potero chidole chimodzi chisonkhanitsa maluso asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ena mwa maluso amenewa tidzayenera kukawafunsa kwa agogo patchuthi, amene adzakondwa kuti mdzukulu wa ku sekondale wabwera kudzaphunzira kwa iwo.

Kuveka zakwathu si nkhani ya kukongola kokha. M'zaka za m'ma 1940, akatswiri awiri akuda a ku America, Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie Clark, anaonetsa ana akuda zidole zofanana m'zonse kupatula khungu, nawafunsa chimene anachikonda ndi chimene anachiyesa chabwino. Ambiri mwa anawo anasankha choyera. Zimene anapezazo zinatchulidwa pa mlandu wa mu 1954, pamene khoti lalikulu la dzikolo linathetsa kulekanitsa ana m'masukulu chifukwa cha khungu. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti mwana amaphunzira kwa chidole chake chimene chili chokongola ndi chimene chili chonyozeka. Mng'ono wanga akaona kuti zidole zonse zokongola zivala zachilendo, adzayesa kuti chitenje cha amayi ake ndi chovala cha osauka. Akaona chidole chake chovala monga avalira amayi popita kutchalitchi, adzadziwa kuti zakwawo nazonso n'zoyenera ulemu.

Wina adzati, nanga nkhope yoyerayo ndi tsitsi lachikasulo? Zimenezo zisiyeni, mlendo sitimusintha khungu kuti adye nafe nsima. Koma amene waphunzira kusomola ndi kusokanso thupi la chidole chakale wadziwa kale kapangidwe kake, ndipo posachedwa adzatha kusoka chakechake cha nsalu yofiirira, cha tsitsi la ulusi wakuda lolukidwa monga timalukira ife. Mu 1905, mayi Käthe Kruse a ku Germany anapangira mwana wawo chidole ndi thaulo lodzaza mchenga, mutu wake mbatata ya kachewere, chifukwa bambo a mwanayo anakana kugula za m'sitolo. Kuchokera pa chiyambi chonyozekacho anadzakhala mmodzi wa opanga zidole otchuka koposa ku Ulaya. Ifenso sitiyamba opanda kanthu. Ndani mwa atsikana a m'sukulu ino sanaberekepo chitsononkho cha chimanga pamasanje, kapena kuumba mwana wadothi kudambo? Luso lili kale m'manja mwathu, langogona.

Ndimve tsopano zonena za otsutsa. Oyamba ati ino ndi sukulu ya sekondale, nthawi yathu ndi ya mayeso. Zoona, ndipo sindipempha kuti tichotse ola limodzi la masamu kapena la sayansi. Koma tonse tidziwa mmene Loweruka masana limathera kuhositelo tikatha kuchapa: ena kugona, ena miseche. Ndiponso si tonse amene tidzalowa kuyunivesite, ndipo si onse otuluka kuyunivesite amene amapeza ntchito ya mu ofesi. Munthu wodziwa singano sagona ndi njala. Ngakhale amene adzakhale dokotala adzayamika tsiku limene zala zake zinazolowera kusoka tinthu tating'ono.

Achiwiri ati imeneyi ndi ntchito ya atsikana. Amenewa ndiwapempha kuti akapita kumsika akawerenge matelala okhala m'makonde, aone ngati ambiri si abambo. Mnyamata amene sadziwa kubwezera batani pa yunifolomu yake, nayenda sabata yathunthu malaya ali pululu kudikira kuti mlongo wake adzamsokere patchuthi, alibe chifukwa chonyadira. Komanso kupinda timbedza ta waya, kusema kampando ndi kupanga kabedi ka chidole ndi ntchito zimene anyamata ambiri angatiphunzitse ife.

Achitatu sanena mokweza, koma alipo. Iwo amaopa zidole, makamaka zakale za maso otseguka, poganiza kuti mwina zili ndi zamatsenga. Amenewa mankhwala awo ndi kutsegula chidole chimodzi ndi manja awo. Adzapezamo lasitiki wovunda, kachitsulo kolemera kamene kamatseka maso chidole chikagonekedwa, ndi fumbi. Mantha ambiri amatha munthu akaona mmene chinthu chinapangidwira.

Pempho langa tsono kwa a Hedi ndi kwa aphunzitsi ndi ili. Mutilole tiyambe kagulu ka ntchito zamanja, kokumana ola limodzi Loweruka lililonse masana, m'kalasi imodzi, pamaso pa mphunzitsi mmodzi wodzipereka. Aliyense wolowa abwere ndi singano, ulusi, ndi chidole chimodzi, chogula pa kaunjika kapena chotola kunyumba kumene chinaiwalika kuseri kwa sutikesi. Sizasi ziwiri zikwanira gulu lonse. Tizidutswa ta nsalu tidzapempha kwa matelala a pafupi. Pakutha pa teremu tidzayala ntchito yathu muholo kuti onse aone, ndipo pambuyo pake zidole zapulasitiki zotsukidwa bwino tidzazipereka ku wodi ya ana kuchipatala kapena kusukulu ya mkaka. Zopita kwa ana aang'ono sitidzaziika mabatani kapena mikanda, zimene mwana angameze, koma tidzazimanga ndi tizingwe tatifupi tosokeredwa zolimba. Chikapezeka chakale chenicheni, chidzakhala m'kabati ya mulaibulale pamodzi ndi kapepala konena kumene chinapangidwa.

Taganizani za mwana amene wagona m'chipatala sabata ziwiri, wopanda chochita koma kuyang'ana kudenga. Kwa iye chidole chovala chitenje, chimene angachibereke ndi kuchiuza zowawa zake, si chinthu chaching'ono. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ife amene tidzachikonza tidzatsala ndi chinthu chimene sitidzachipereka kwa wina, ndicho luso la m'zala ndi chizolowezi choyamba kufunsa ngati chinthu chingakonzeke tisanachiponye kudzala. Munthu wozolowera kutaya chidole chifukwa chaguluka mkono adzatayanso malaya chifukwa chathothoka batani, ndi mpando chifukwa wagwedera mwendo, ndipo dziko la anthu otere silingalemere.

Chotero anzanga, amene muli ndi mtima wofuna kuyesa, kaperekeni maina anu kwa mkonzi wa magazini ino, kuti tikapita kwa a Hedi tikapite tili gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo patchuthi chikudzachi, mukadutsa pa kaunjika, werameni pang'ono muyang'ane pansi pa mulu.

Mtsikana wa Fomu 3